Chitsime cha ku Gander

Ikakwana leveni koloko usiku
Ambrose Pardy amavala jekete pamwamba pa zogonera
n'kukaima pachipale kuseri kwa nyumba, nkhope kumwamba.
Mwana wake anatopa n'kumuletsa.

Uko nyenyezi zina zikuyenda,
zandondozana ngati linthumbu,
zonse kuloza kum'mawa.
Yotsika palibe.

Kale, iye akutero,
nyanja iyi inali yaikulu kuposa mimba ya ndege.
Yochoka ku New York inkafika pano kukhosi kuli gwa,
yochoka ku Ulaya inkatera ili wefuwefu,
ndipo ife, ana a asodzi a pachilumba cha nkhungu,
osadziwa n'komwe kuti Toronto aloza kuti,
ndife tinkazimwetsa.

Ndinakwera phiko la Pan Am ndisanamere ndevu,
paipi paphewa, zala zitachita dzanzi,
mphepo ikundimenya makofi.
Pazenera panali mayi wa chipewa cha nthenga.
Anandiyang'ana ngati ndine gawo la injini.

Tinkazidziwa ndi kaliridwe:
iyo ndi Sabena, iyo BOAC, yamatama,
iyo ya Adatchi, sichedwa ngakhale kuzizire bwanji.
M'chipinda chodikirira munkamveka zilankhulo zonse,
khofi ankatha, mapositikhadi ankatha,
anthu n'kupita ndi malilime awo
osatisiyira ngakhale liwu limodzi.
Mlendo ndi mame, inde,
koma mame athu ankagwa maulendo ambirimbiri tsiku limodzi.

Mmodzi yekha ndiye sanakamuke.
Osmany, wa pandege yochoka ku Havana kupita ku Moscow,
anatsika ngati wokawongola miyendo
n'kukakamira mkono wa wapolisi, osausiya.
Nsapato zake zinali zopyapyala ngati pepala.
Effie wanga anamulukira masokosi awiri,
limodzi lalitali kuposa linzake.

Kenaka ndege zinakula mimba.
Palibe anabwera kudzatsazika.
Sabata ino zatera khumi, mwezi wamawa zinayi,
ife tikupukuta mapaipi oyera kale.
Amati chitsime chakale chiphetsa ludzu.
Chathuchi madzi analimo,
aludzu ndiwo anatha.

Ndipo zija tinkati n'zamuyaya, zili kuti?
Pan Am, amene mizere yake pamapu inkazinga dziko ngati ukonde,
ndinamva za maliro ake pawailesi ndikumeta ndevu.
BOAC anamezedwa ndi dzina lina.
Sabena anagona osadzuka.
Ya Adatchi yokha, imene inayamba kuuluka mayi anga akadali kamtsikana,
ndiyo ikundidutsabe pamutu, yosati moni.

Mdzukulu wake Jillian watuluka ndi bulangete ndi foni.
Pagalasipo tindege tachikasu tachita unyinji ngati ngumbi.
Akugunda kamodzi ndi chala:
iyi ikupita ku Dubai, agogo, ndi yosanja,
yanyamula anthu pafupifupi mazana asanu.
Iyi ku Istanbul. Iyi ku Doha.
Kumeneko anthu akatsika amangokwera ina,
mizinda yoposa zana kuchoka pakhomo limodzi.

Ambrose akupendeketsa mutu.
Dubai? Nthawi yanga dzinalo sindinalimvepo pabwalo.
Ndiye zimamwa kuti?
Sizimwa, agogo. Zimangopita.
Nkhalamba ikuseka mpaka kutsokomola:
nakonso adzaona, chakudza sichiimba ng'oma.

Iyeyo anakwerapo ndege kamodzi kokha,
kupita ku Halifax kukachotsa ng'ala.
Anapempha mpando wa paphiko.
Pansi panali mnyamata wa chipewa chaubweya akulumikiza paipi,
akupuma nthunzi, akupondaponda kuti mapazi asafe.
Ambrose anagogoda zenera,
anagogodanso, mpaka woperekera zakudya anabwera kudzafunsa.
Mnyamatayo sanadzutse mutu.

Tiyeni m'nyumba, agogo, makutu afiira.
Dikira, akutero,
pali ya ku Amsterdam isanadutse.